Kuwerenga Amene Palibe: Mfundo Zofunika pa Moyo wa Aïssa Maïga

Alipo anthu amene akapatsidwa mpando pamwambo amakhala chete, kuopa kuti akayankhula alandidwa mpandowo. Aliponso ena, ochepa ndithu, amene akakhazikika amacheukira kukhomo kuti aone amene atsala panja. Mayi Aïssa Maïga, katswiri wa zisudzo za m'mafilimu ndi za pa wailesi ya kanema ku France, ali m'gulu lachiwirili. Anabadwira ku Dakar, m'dziko la Senegal, pa 25 Meyi 1975. Bambo awo anali a ku Mali, mayi awo a ku Senegal ndi ku Gambia, ndipo Mayi Maïga anapita ku France akadali kamwana. Kumeneko ndiko anakulira, ndiko kwawo, ndipo ndiko akhala akugwira ntchito ya zisudzo kwa zaka zoyandikira 30.

Ambiri a ife nkhope yawo tinaiona dzina osalidziwa, pakuti ndi iwo anasewera ngati mayi ake a William Kamkwamba mufilimu ija ya mnyamata wa kwa Wimbe, The Boy Who Harnessed the Wind. Koma ulendo wawo ndi wautali kuposa filimu imodzi, ndipo uli ndi zotiphunzitsa ngakhale ife amene sitinaimepo pamaso pa kamera. Tiyeni, abale ndi alongo, tiuyende pang'onopang'ono, tikudzifunsa mafunso panjira.

1. Chimene kholo labzala, manda sachikwirira. Bambo awo, a Mohamed Maïga, anali mtolankhani wodziwika, wolemba za ndale za mu Africa m'magazini ya Afrique-Asie. Analinso bwenzi la Thomas Sankara, msilikali wachinyamata uja amene anatenga ulamuliro wa dziko la Upper Volta mu Ogasiti 1983, n'kulisintha dzina chaka chotsatira kukhala Burkina Faso. Pa 1 Januwale 1984 a Maïga anamwalira mwadzidzidzi ku Ouagadougou, ndipo ambiri mpaka lero amakhulupirira kuti anachita kuthiridwa poizoni. Mwana wawo anali ndi zaka 8. Sankara naye anaphedwa pa 15 Okutobala 1987.

Zaka 8 n'zochepa. Pa msinkhu umenewo kholo limakhala lisanamuuze mwana zambiri. Komatu mwana samvera m'makutu mokha, amamveranso m'maso. Amaona zimene bambo ake amakana ngakhale zili ndi phindu. Amaona anthu amene mayi ake amawapatsa moni mwaulemu ndi amene amangowadutsa. Tikamaona mayi ameneyu atakula, akuimirira pamaso pa akuluakulu n'kumafunsa mafunso owasowetsa mtendere, tingalephere bwanji kukumbukira mtolankhani uja? Nanga ife, titati tachoka mawa, ana athu adzatsala ndi chiyani chimene olanda chuma cha masiye sangachikweze pa ngolo? Tisaiwalenso manja a achibale amene analera mwanayo bambo ake atapita. Mbiri siikonda kutchula azakhali ndi amalume amene amawonjezera mbale ina pamphasa popanda kung'ung'udza, koma popanda iwo ana amasiye ambiri amene lero tikuwaombera m'manja sakanafika pamene afikapa.

2. Luso litsogole, mawu atsatire. Filimu yawo yoyamba kudziwika, Saraka Bô, inatuluka mu 1997. Kuchokera pamenepo panadutsa zaka za timagawo ting'onoting'ono: kuonekera mphindi zochepa, kunena mawu awiri atatu, kubwerera kunyumba kukadikira kuitanidwa kwina. Michael Haneke, mmodzi mwa akadaulo otsogolera mafilimu ku Ulaya, anawatenga mu Code inconnu mu 2000, nadzawatenganso mu Caché mu 2005. Chaka chomwecho anaonekera mu Les Poupées russes ya Cédric Klapisch. Mu Paris, je t'aime ya 2006, m'kachigawo kamene anatsogolera Oliver Schmitz wa ku South Africa, anasewera ngati mtsikana wa ambulansi wogwada pambali pa bambo amene wabayidwa ndi mpeni pabwalo lina la mumzinda. Kachigawoko n'kakafupi, koma amene anakaona sakaiwala.

Pamene anadzayamba kudzudzula poyera, anali atagwira ntchito zaka zoposa 20, ndipo panalibe amene akanati ukulira chifukwa sutha kusewera. Sindikunena kuti wongoyamba kumene alibe ufulu wodandaula akalakwiridwa. Ufulu ali nawo wonse. Koma dziko limene tikukhalali limafulumira kufunafuna chifukwa chosamvera munthu, ndiye tisalipatse chifukwacho ndi manja athu. Mphunzitsi amene amafika m'kalasi pa nthawi yake, namwino amene odwala amamutchula ndi dzina pomuyamika, akaimirira kunena kuti apa zinthu zalakwika, mawu awo amalemera.

3. Wosauka naye ali ndi ufulu wofunsa kumene ndalama zinapita. Filimu imene inakweza dzina lawo ndi Bamako ya Abderrahmane Sissako, ya mu 2006. Nkhani yake ndi yodabwitsa. Pabwalo la nyumba wamba mumzinda wa Bamako, pamene mabanja angapo amakhalira limodzi, aikapo matebulo ndi mipando. Abwera oweruza ndi maloya atavala mikanjo yawo. Oimbidwa mlandu ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse pamodzi ndi bungwe la IMF, ndipo odandaula ndi anthu a mu Africa. Mlandu wake ndi ngongole ndi malamulo amene obwereketsa anaika: kugulitsa makampani a boma, kuchepetsa ndalama za sukulu ndi zipatala. Mboni zili mkati mopereka umboni, amayi ali pambali kunyika nsalu mu utoto, wina akutunga madzi pampopi, ukwati ukudutsa pakati pa bwalo, ndipo amene akanizidwa pachipata akumvera pa chimkuzamawu chopachikidwa kunja kwa mpanda.

Mayi Maïga anasewera ngati Melé, woimba m'bala usiku, amene mwamuna wake Chaka ali pa ulova ndipo banja lawo likugwedezeka. Melé sapereka umboni. Amatuluka m'nyumba, n'kuima pomwepo pafupi ndi oweruza kuti wina amumangire zingwe za kumsana kwa diresi lake, kenaka ulendo wa kuntchito. Mlandu wonsewo ukukamba za moyo wake, koma iye alibe mpata woukhalira pansi, pakuti pakhomo pakufunika ndalama ya lero. Mulinso nkhalamba ina imene poyamba imauzidwa kuti idikire nthawi yake yoyankhula. Nthawiyo itakwana, nkhalambayo imaimba modandaula m'chinenero chake, ndipo wopanga filimu sanamasulire ngakhale liwu limodzi. Komabe aliyense m'bwalomo amamva, ndipo ifenso oonera timamva. Filimuyo imatha chigamulo chisanaperekedwe.

Kwa ife nkhaniyi si yachilendo. Amene anaona njala ya 2001 ndi 2002 akukumbuka kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa njala isanafike pachimake, ndipo pambuyo pake akuluakulu a kuno ndi obwereketsa akunja anayamba kulozana chala, anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi. Kodi mlimi wa ku Kasungu alipo anamufunsa maganizo ake? Tinazolowera kuganiza kuti nkhani za ngongole ndi za ophunzira okhaokha, za anthu a mataye. Koma amene amabweza ngongoleyo ndi mayi wogulitsa tomato, kudzera mu msonkho ndi m'mankhwala amene sawapeza kuchipatala. Kufunsa si mwano. Ndalama za chitukuko cha m'dera, za komiti ya sukulu, ngakhale za chopereka cha kumpingo, zili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndife. Gawo la Melé linawalowetsa Mayi Maïga mumpikisano wa mphoto ya César ya 2007, ya mtsikana woonetsa tsogolo lowala pa zisudzo, ndipo n'zokondweretsa kuti chimene chinawakweza ndi filimu yopatsa osauka bwalo.

4. Munthu ndi wamkulu kuposa chizindikiro chimene anthu amupaka. Mu Meyi 2018 kunatuluka buku lotchedwa Noire n'est pas mon métier, kutanthauza kuti kukhala wakuda si ntchito yanga. Maganizo olilemba anachokera kwa Mayi Maïga, ndipo amayi 16 akuda ochita zisudzo ku France analembamo aliyense nkhani yake. Zimene anafotokoza zinali zofanana mochititsa chisoni. Akaitanidwa kukayesedwa, gawo limene likuwadikira ndi la wantchito wa m'nyumba, la wosesa, la woyendayenda, la mayi wopanda mapepala okhalira m'dziko. Wina amauzidwa kuti wada kwambiri, wina kuti sanade mokwanira. Wobadwira ku Paris amapemphedwa kuyankhula Chifalansa mopotoka kuti amveke ngati wangofika dzulo kuchokera kumudzi. Pamalo ojambulira, okonza tsitsi ndi opaka zodzoladzola sadziwa chochita ndi tsitsi lawo kapena khungu lawo. Ndipo pamwamba pa zonsezi pamabwera mawu achipongwe okhudza matupi awo.

Timvetsetsane bwino apa. Kusesa si ntchito yochititsa manyazi, ndipo ambiri a ife tinaphunzira sukulu ndi ndalama za tsache ndi za khasu. Chimene amayiwa ankakana ndi chakuti munthu wakuda azioneka wosesa basi, osaonekako dokotala, woweruza, mayi wokondedwa ndi mwamuna wake, kapena munthu wamba amene nkhani yake siikhudza khungu n'komwe. Mwana amene amaonera kanema tsiku ndi tsiku amaphunzira pamenepo malire a maloto ake. Mayi Maïga anali ataonetsa kale kuti zina n'zotheka. Mu 2012, pa wailesi ya kanema ya France 2, anasewera ngati Suzanne, mkazi wa Toussaint Louverture, mtsogoleri wa akapolo amene anaukira ku Haiti. Mu Bienvenue à Marly-Gomont ya 2016 anali mkazi wa dokotala wa ku Zaire amene anakakhala m'kamudzi ka azungu okhaokha kumpoto kwa France mu 1975, nkhani yochitikadi. Mu Il a déjà tes yeux anali mayi wakuda wolera khanda lachizungu.

Tisathamangire kudzudzula Afalansa tisanadziyang'ane. Kodi ife sitipaka anzathu zizindikiro? Timva dzina la munthu, tadziwa kale chigawo chimene akuchokera, ndipo tagamula kale khalidwe lake asanatsegule pakamwa. Mwana wachialubino timamuitana ndi khungu lake, dzina ali nalo. Mtsikana amene anabereka ali pasukulu timamukumbutsa zaka 10 zitadutsa. Mulungu analenga munthu wathunthu, ife timamudula kukhala liwu limodzi.

5. Pokwera masitepe tisakwere tokha. Buku lija akanatha kulilemba okha, dzina lawo lokha pachikuto, popeza anali odziwika kale. Anasankha kuitana anzawo. Munali Firmine Richard wa ku Guadeloupe, wobadwa mu 1947, amene anadziwika ndi Romuald et Juliette mu 1989. Munali Sonia Rolland, wobadwira ku Rwanda, amene anali Miss France wa 2000. Munalinso achitsikana Karidja Touré ndi Assa Sylla, amene anayambira mu Bande de filles ya 2014. Wamsinkhu wa agogo ndi wamsinkhu wa mdzukulu anapezeka kuti akusimba nkhani imodzi, ndipo umenewo ndiwo unali umboni waukulu: pa zaka zonse zimene zili pakati pawo, zinthu zinali zisanasinthe mokwanira.

Pa 16 Meyi 2018, ku chikondwerero cha mafilimu cha Cannes, onse 16 anakwera limodzi masitepe a kapeti yofiira, atavala zovala za Balmain, nkhonya zili m'mwamba, ena akuvina. Pamwamba anawalandira ndi Khadja Nin, woimba wa ku Burundi, amene chaka chimenecho anali mmodzi wa oweruza. Masiku anayi m'mbuyomo amayi 82, motsogozedwa ndi Cate Blanchett ndi Agnès Varda, anali ataima pamasitepe omwewo kudandaula za kuchepa kwa mafilimu a amayi pampikisanowo.

Wodandaula yekha amatchedwa wovuta, koma 16 akanena chinthu chimodzi, ofuna kutsutsa amasowa poyambira. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Funso kwa ife amene tinapeza kampata penapake, kuntchito, kubizinesi, kusukulu ya ukachenjede, n'lakuti: ndi angati amene analowa chifukwa ife tinalowa? Kapena timakondwera mumtima kutchedwa woyamba ndi yekhayo?

6. Tiphunzire kuwerenga amene palibe. Pa 28 Febuluwale 2020, ku Salle Pleyel mumzinda wa Paris, kunali mwambo wa mphoto za César, usiku waukulu wa mafilimu a ku France. Mayi Maïga anaitanidwa kukapereka mphoto ya mtsikana woonetsa tsogolo lowala, yomwe ija iwo anapikisana nawo zaka 13 m'mbuyomo. Ntchito yake ndi yosavuta: kumwetulira, kunena mawu okoma, kutsegula envelopu. Iwo anaima pamenepo n'kunena kuti nthawi zonse akakhala pamsonkhano waukulu wa ntchito yawo, amapezeka akuwerenga anthu akuda amene ali m'chipindamo. Ndipo anayambadi kuwayang'ana m'mizere ya mipando, kuwapatsa moni mmodzimmodzi. Kuwerengako sikunatenge nthawi. Anatchula magawo onyozeka amene akuda, Aluya ndi a ku Asia amapatsidwa. Kenaka anatembenukira kwa amene ali ndi mphamvu, osankha osewera ndi opereka ndalama, n'kuwauza kuti kusinthaku sikungachitike popanda iwo.

M'holomo munazizira. Ena anaseka mwamanyazi, ena anayang'ana pansi. M'masiku otsatira anadzudzulidwa kwambiri: ena anati anaononga chisangalalo, ena anati ndi iwo amene akubweretsa tsankho powerenga anthu ndi khungu. Enanso anati taonani, usiku womwewo Les Misérables, filimu ya Ladj Ly amene ndi wakuda, yapambana mphoto ya filimu yabwino koposa, ndiye vuto lili pati? Ndipo nkhani yaikulu ya usikuwo inakhala ina: wotsogolera mafilimu Roman Polanski atapatsidwa mphoto, katswiri wa zisudzo Adèle Haenel anatuluka m'holomo mokwiya, posagwirizana nazo.

Kuti timvetse kulemera kwa zimene anachita, tidziwe kuti dziko la France pa kalembera wake silifunsa mtundu wa khungu la munthu. Malamulo ake aakulu a 1958 amati nzika zonse n'zofanana, posayang'ana kochokera, mtundu kapena chipembedzo. Mfundoyo ndi yokongola, ndipo tiyenera kuilemekeza. Koma ili ndi mbali ina: chimene sichiwerengedwa n'chosavuta kuchikana. Munthu akati akutisala, amamuyankha kuti umboni uli kuti, pamene umboniwo palibe amene akuusonkhanitsa. Ndiye mayi ameneyu anawerenga ndi maso ake, pamaso pa dziko lonse.

Kodi malankhulidwe awo anali osalala? Ayi, ndipo ine ndikuti sankayenera kusalala. Choonadi chimene chakhala chikubisidwa sichituluka mokoma. Iwo anadziwa kuti ambiri mwa amene akuwayang'anawo ndi omwe amalemba anthu ntchito, ndipo anayankhulabe. Walira mvula walira matope, ndipo matopewo anawavomera. Ntchito sanasiye: mu 2025 filimu ya Promis le ciel ya Erige Sehiri, mmene akusewera ngati m'busa wachizimayi wa ku Côte d'Ivoire wokhala ku Tunis, ndiyo inatsegulira gawo la Un Certain Regard ku Cannes.

Luso lowerenga limeneli tonse tingaliphunzire. Tikalowa m'kalasi ya Fomu 4, tiwerenge atsikana, kenaka tikumbukire kuchuluka kwawo pamene ankayamba Sitandade 1. Enawo ali kuti? Tikakhala m'tchalitchi chathu chokongola, tidzifunse kuti woyenda pa njinga ya olumala akwera bwanji masitepe a pakhomo, ndipo wosamva akulandira bwanji ulaliki. Amene palibe sayankhula pamsonkhano, choncho kusowa kwake sikulowa m'maminitsi pokhapokha wina mwa amene alipo atakutchula.

7. Mlendo wabwino amayesetsa kuyankhula chinenero cha eni mudzi. Apa nkhani yafika pakhomo pathu. The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya Chiwetel Ejiofor, inajambulidwa konkuno ku Malawi ndipo inatuluka pa Netflix pa 1 Malichi 2019. Ikusimba za William Kamkwamba wa kwa Wimbe m'boma la Kasungu, amene anasiya sukulu posowa fizi m'nthawi ya njala, n'kupanga makina a mphepo ndi zitsulo zotayidwa, ziwalo za njinga ndi mitengo ya bulugamu, atawerenga mabuku a m'kalaibulale. Mayi Maïga anasewera ngati Agnes, mayi ake, ndipo mbali yaikulu ya mawu awo inali m'Chichewa, chinenero chimene sanabadwe nacho. Anavala chitenje, anakhala pamoto, anaonetsa nkhope ya mayi amene akugawa chakudya cha kamodzi patsiku ana akumuyang'ana. Nkhope imeneyo sinafune womasulira, pakuti tinaionapo pa amayi athu.

Tinene zoona: Chichewa chake sichinali chathu. Makutu a Amalawi anamva msanga kuti lilime ndi lachilendo, ndipo ambiri ananena poyera. Anali ndi ufulu wotero. Komabe opanga filimuyo akanatha kusankha Chingerezi chokhachokha, monga achitira ambiri, ndipo palibe kunja amene akanadandaula. Kuloweza mawu a chinenero cha eni ake, podziwa kuti eni akewo adzamva zolakwika zonse, kumafuna kudzichepetsa. Ndi angati mwa ife amene takhala zaka ku Mzuzu osaphunzira moni wa Chitumbuka, kapena ku Mangochi osayesa liwu la Chiyao?

Koma funso la Mayi Maïga lija silisankha dziko, ndipo ulemu waukulu umene tingawapatse ndi kulifunsa pa filimu yawo yomwe. Pa magawo akuluakulu a nkhani ya Amalawi, Amalawi anali angati? Lily Banda anasewera bwino ngati Annie, mlongo wake wa William, koma William anali Maxwell Simba wa ku Kenya, bambo ake anali Ejiofor, mlendo nayenso, mayi ake anali a ku France. Mlandu si wa alendowo. Funso lili kwa ife: tikuchitapo chiyani kuti athu akule? Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya AMVCA mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Kodi ntchito zawo tinazigula, kapena tinangokopera pa fulashi kwa mnzathu?

8. Amene wamva kupweteka ayambe ndi iye kugwira ntchito. Atadandaula mokwanira za mmene makamera a ena amaonera anthu akuda, Mayi Maïga anaima kuseri kwa kamera iwo eni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu 2021 anatulutsa mafilimu awiri a nkhani zoona. Yoyamba, Regard noir, imene anapanga ndi Isabelle Simeoni, inawatengera ku France, ku United States ndi ku Brazil kukafunsa amayi akuda a zisudzo za mmene zinthu zilili kwawo. Yachiwiri, Marcher sur l'eau, inaonetsedwa ku Cannes chaka chomwecho, ndipo mulibe munthu wotchuka ngakhale mmodzi.

Inajambulidwa pakati pa 2018 ndi 2020 m'mudzi wa Tatiste, kumpoto kwa Niger, pakati pa Afulani oweta ziweto. Mvula kumeneko yayamba kubwera mochedwa ndi mochepa. Zitsime zikauma, abambo amapita kutali ndi ng'ombe kukafuna msipu, amayi amawoloka malire kukafuna ganyu, ndipo m'mudzi mumatsala ana ndi nkhalamba. Kamera imatsatira mtsikana wa zaka 14 amene wasanduka mayi wa abale ake: kuphika ndi iye, kusambitsa ndi iye, ndipo tsiku lililonse amayenda mtunda wautali kukatunga madzi, sukulu n'kumamudutsa. Chopweteka n'chakuti pansi penipeni pa nthaka imene akupondayo pali madzi ochuluka zedi. Chosowa ndi makina okumba mozama. Anthu a m'mudzimo, mothandizana ndi mphunzitsi wawo, amapempha kwa akuluakulu, amadikira, ndipo pamapeto pake makina amafika, madzi n'kutuluka.

Taonani kumene kuwerenga kuja kunawafikitsa. Anayamba ndi kuwerenga anzawo a ntchito m'holo ya ku Paris, anthu ovala bwino amene ngakhale akusalidwa sagona ndi njala. Akanalekera pamenepo, bwenzi tikuti ankangomenyera mpando wawo. Koma anapitiriza mpaka kukafika kwa mwana amene palibe kalembera wa otchuka angamutchule, amene sanawonjezepo kanthu pa utsi umene ukusintha nyengo koma ndiye akusenza chilango chake pamutu.

Mtsikana ameneyo timamudziwa. Tinakumana naye m'bandakucha ku Nsanje, ku Ntchisi, ku Chipata ndi ku Tete, chigubu chili pankhata, anzake ali pamzere wa kusukulu. Sitifunika kamera kuti timuone. Ngati m'mudzi mwanu muli mjigo umene unafa chifukwa cha kachitsulo kamodzi, funsani sabata ino kuti ndalama za komiti zili ndi yani ndipo mmisiri abwera liti. Ndipo komitiyo ikadzakhala pansi, muonetsetse kuti amayi ndi atsikana amene amatunga madziwo ali pomwepo, ndipo apatsidwa mpata woyankhula.